Bokosi la Mlimi, Bokosi la Msodzi

Lolemba

Sabata ino ndi yanga. Kalabu yathu ya alimi a mpunga yalandira makompyuta akale anayi, opanda kanthu m'mimba. Loweruka komiti isankha munthu wowayang'anira. Akasankha ine, ndatsanzikana nazo mpheta za kumunda kwa malume, zimene ndakhala ndikuziingitsa ndi chitini cha miyala chibwerereni kuyunivesite. Akapanda kundisankha, chitini chikundidikira.

Zida zanga:
fulashi imodzi, muli Linux wokonza ndekha;
digiri;
shati yoyera.

Vuto la Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ndi lakuti pomuika m'kompyuta amakufunsa mapulogalamu amene ukufuna, n'kukuyalira mayina ambirimbiri ngati kaunjika wa pamsika. Ine ndafupikitsa. Sikirini imodzi, mabokosi anayi: Mlimi, Msodzi, Wamalonda, Mphunzitsi. Wachonga chimene uli, mapulogalamu okuyenera alowa okha. Nzeru zotere kuno ku Chilwa! Ndikudzichitira nsanje ndekha.

Lachiwiri

Oyamba kuyesa ndi a Che Bwanali, apampando a komiti. Akuwerenga ndi chala, mosafulumira. Achonga Mlimi. Bwino. Achonga Msodzi. Wamalonda. Mphunzitsi!

Ndikuwafunsa mwaulemu kumene amaphunzitsa. Iwo: "Adigiri, pakalembera sasiya bokosi. Chaka cha njala ndinasiya limodzi, anzanga analandira nyemba ine ndikuonerera."

Pambuyo pawo anthu asanu, onse mabokosi anayi. Agogo ena akufunsa ngati kuseri kuli ena. Kompyuta yameza zonse, disiki yadzaza, yaima panjira ngati njinga yonyamula matumba atatu pamchenga.

Si vuto langa. Ndi vuto la anthu.

Lachitatu

Ndakonza. Tsopano bokosi ndi limodzi basi: ukachonga lachiwiri, loyamba lifufutika.

Amake Esinati, mlembi wa kalabu, achonga Mlimi. Achonga Wamalonda. Mlimi zii!

"Aa! Munda wanga wapita kuti?"

Ndikufotokoza. Ndikufotokozanso, pang'onopang'ono, ndi manja omwe. Iwo: "Ndiye ndikapita ku Zomba ndi matemba, mpunga umadzilima wokha?"

Dzuwa lisanafike pamutu, mbiri yafika kale ku Likangala: makina a Adigiri akufufuta anthu m'kaundula wa sikimu ya mpunga. Akuluakulu atatu abwera panjinga kudzaona ngati minda yawo ikadalipo. Malume akundiyang'ana nthawi yaitali. "Mphwanga, zaka zinayi zija unkaphunzira kulanda minda?"

Zoona zake, kuno palibe munthu wa bokosi limodzi. Nyanja ikadzaza, munthu ndi msodzi, ikaphwa akulima pomwe ankaponya ukonde, zikavuta akugulitsa tomato. Ndinabadwira pompano, fizi yanga inachokera ku matemba ndi mpunga womwe. Kukangokhala m'tauni pang'ono, ndabwera ndi mabokosi.

Lachinayi

Mafunso onse ndachotsa. Walowetsa fulashi, wadina kamodzi, zonse zilowa monga ndasankhira ine. Zachangu, zaukhondo. Lero ndipuma.

Sindinapume.

A Che Bwanali: "Zalowazi wasankha ndani?" Ine. "Osafunsa komiti?" Kenako akundikumbutsa, pamaso pa anthu, kuti ngakhale wogawa madzi kusikimu amayamba waitanitsa msonkhano.

Zimene ndaphunzira mpaka pano:
ukafunsa zambiri, atenga zonse;
ukalola chimodzi, walanda minda;
ukapanda kufunsa, wanyoza komiti.

Pobwerera ndapeza malume pakhonde akumangirira chingwe chatsopano kuchitini. Angochigwedeza kamodzi, kuyesa mawu ake. Chikumveka bwino kwambiri.

Lachisanu

Ofesi ili zii, apampando apita kumzikiti. Ndakhala moyang'anizana ndi kompyuta ngati anthu awiri amene banja lawakanika.

Amake Esinati akusenda chinangwa pakhomo, osandiyang'ana n'komwe. "Inu achimwene, mumafunsa munthu kuti ndi ndani. Funsani za nyanja. Ili ndi madzi kapena yaphwa? Zinazo munthu adziwa yekha."

Ndaseka kaseko kakuyunivesite, kapamphuno kaja. Atangotembenuka, ndalemba.

Funso limodzi: Chaka chino nyanja ili ndi madzi? Mabatani awiri: Eya, Ayi.

Chinsinsi, chisatuluke m'buku lino: mabatani onse awiri amaika zinthu zofanana. Cholembera makalata, cha matebulo owerengetsera ndalama, chotsegulira intaneti, choonera zithunzi. Ndafufuza mndandanda wanga wakale uja, ndapeza kuti msodzi ndi mlimi ankasiyana chithunzi cha pasikirini chokha. Wina nsomba, wina ngala ya mpunga. Miyezi itatu ya moyo wanga!

Loweruka

Shati yoyera. Komiti yonse yabwera, ndi ena amene si a komiti.

Funso latuluka pasikirini. Abale inu, mtsutso wake! Ena akuti madzi alipo. Ena akuti alipo koma akubwerera m'mbuyo. Bambo wina akulumbira kuti ngalawa yake inakhudza matope dzana. Ola lathunthu, aliyense walankhulapo, ena kawiri. Akweza manja. Eya wapambana. Amake Esinati adina.

Yalowa! Yachiwiri yalowa! Makompyuta onse anayi! Nthungululu mpaka kunja!

A Che Bwanali aimirira. "Adigiri agwira ntchito yotamandika. Chinthu achifewetsa moti aliyense angathe, mwaona nokha amake Esinati." Ine ndikugwedeza mutu, kumwetulira ngati mbuzi imene akuiyamikira kunenepa sabata ya ukwati. "Choncho palibe chifukwa chovutitsira munthu wophunzira ndi kantchito kochepa chonchi."

Woyang'anira makompyuta: amake Esinati.

Ndaomba nawo m'manja. Manja anali kale m'mwamba, ndikanatani?

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Shati ndachapa, ili pachingwe.

Potuluka m'tchalitchi amake Esinati andipempha fulashi. "Nyanja ikadzaphwa ndidzadine Ayi, eti?" Ndavomera. Chinsinsi chija ndipita nacho kumanda. Andipatsa matemba odzaza mbale, akuti ndi zikomo. Ndi malipiro oyamba a digiri yanga, ndipo ndi okoma.

Madzulo malume abweretsa chitini, chingwe chatsopano, miyala yosankha. Ali ndi funso limodzi lokha: "Mawa ulonda chakummawa kwa munda kapena chakumadzulo?"

Munda ndi umodzi, mpheta ndi zomwezo, ndipo ndidzathamanga mbali zonse ziwiri. Ndikudziwa, njira imeneyi ndinayambitsa ndine. Komabe ndaganiza kaye pang'ono, ndasankha kummawa.

Kufunsidwa kumakoma ndithu.