Kuonetsa Bambo Lilongwe

Lolemba
Ndatsimikiza: Loweruka ndikupita ndi Bambo ku Lilongwe. Maso awo ayamba kuchita chifunga, aone mzinda nthawi ikadalipo. Chibwerereni ku migodi ya ku Joni sanapitirirepo pa Dedza. Zokaona:
nyumba ya malamulo
bwalo lalikulu la mpira
ndege zikutera
masitepe oyenda okha
mikango
Ine ndinaziona chaka chatha, mpaka lero mtima sunakhale pansi!

Lachiwiri
Ndikuwawerengera mndandanda tikupalira kabichi. Pofika pa ndege akuseka. "Kuona chabe? Ine ndinakwera, mwana iwe. Mitambo ili pansi ngati thonje." Ndege ndafufuta.

Lachitatu
Masitepe nawo agwa. Bambo akuti ankatsika ndi chikepe mpaka m'mimba mwa dziko, makutu kutsekeka, m'mimba kubwera kukhosi. Koma kufotokoza kwake! Khasu lili m'mwamba, ine kukamwa yasa. Tapalira mzere umodzi basi.

Lachinayi
Ndikuyesa mikango. "Ya ku Joni ikabangula tinkaimva tili kukomponi, kogona ife a mumgodi." Apa ndikukayika pang'ono. Anthu adzaza pakhonde, theka la Biriwiri, kudzamva Bambo akusimba za ku Joni. Mapiri achikasu oumbidwa ndi anthu! Nyumba zoti ukayang'ana pamwamba chipewa chimagwa! Sitima yodzaza ndi amuna oimba! Alamu anga akundinong'oneza: "Bwanji osangopita konko?"

Lachisanu
Zatsala ziwiri. Sindikuzitchula, zingafe nazonso. Madzulo Bambo okha akuti, "Tiyeni tikaone kamudzi kanuko." Jekete ndasita, nsapato akupukuta okha. Zatheka!

Loweruka
Minibasi yaima pa Lizulu. Bambo akutsika "kukaongola miyendo". Nkhalamba ina ikuitanira malonda pa mulu wa kachewere. Bambo aima chilili, khutu tcheru.
"Mawu awa ndi a Jere!"
"Maseko? Uli moyo?"
Ndi mnzawo wogona naye chipinda chimodzi kukomponi. Aliyense ankayesa kuti mnzake anatisiya kalekale. Akukumbatirana, kulira, kuseka, kulankhula chinenero cha kumgodi chomwe sindikumvapo kanthu. Dalaivala akuliza hutala. Kondakitala: "Mayi, mukukwera kapena mukutsala?" Ndikuyang'ana Bambo. Ndikutsitsa chikwama.
Tsiku lonse pa thumba la kachewere. Akutchulana mayina a anzawo mmodzimmodzi. Atsala awiriwa.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi Bambo akuuza aliyense kuti ulendo unali wopambana. Abusa akufunsa za Lilongwe. "Wakula," akutero Bambo, osaphethira n'komwe.
Ndikufunsa Bambo ngati tipite Loweruka likudzali. Ayi, a Jere akubwera kudzagona, ndipo tambala wanga wamkulu uja waweruzidwa kale.
Basi, zikhale choncho. Panopa ali kubafa, akuimba mokweza mpaka agalu akuuwa. Chimwalirireni Mayi ndinali ndisanawamvepo akuimba.