Ndinadula Njinga ya Malume

Nkhani iyi ndikanaikwirira, koma poti a kabaza onse a pa Muloza amaikamba kale, bola ndiinene ndekha.

Malume anga a Namakhwa amapalasa kabaza pa boda. Chaka chatha manja awo anayamba kuchita dzanzi. Mabatani a shati ankawakanika, miyendo n'kumakokeka. Ine, mwana wa mlongo wawo, wa Fomu 4 yekhayo pabanja, ndinawaperekeza kuchipatala ku Blantyre.

Dokotala anationetsa sikani. Akuti mtsempha wina wa m'khosi unauma n'kusanduka fupa, ndiye ukupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Pakufunika opaleshoni.

"Bambo, fumbatani dzanja n'kutambasula, mofulumira," anatero dokotala, maso ali pa wotchi.

Malume anafumbata ngati bilimankhwe.

"Adokotala, adzayendanso bwinobwino?" ndinafunsa.

"Zimatengera msinkhu, nthawi imene adwala, ndi mmene mtsempha wavulalira. Sitingalonjeze. Tiona akachira."

Tsono ine bayoloje ndinakhoza ndi krediti. Ndinaphatikiza ndekha: munthu wamkulu, wadwala miyezi yambiri, dzanja la bilimankhwe. Ansala inatuluka: malume sadzayendanso!

Malume atagonekedwa kuti achitidwe opaleshoni, ndinasiya akazi awo, omwe tinapita nawo limodzi, akuwadikirira, ine ulendo wa kumudzi. Uthenga ndinaupereka ndi nkhope ya dokotala, amayi mpaka analira. Kenako ndinatenga njinga ya malume, yomwe imadyetsa banja lonse, n'kupita nayo kwa mkulu wowotcherera zitsulo.

"Achimwene, njinga yabwino chonchi tiidule? Eni ake akudziwa?"

"Dulani! Zachipatala tisiyireni ife ophunzira."

Mawilo awiri, mpando wapulasitiki, khushoni ya kabaza, belu pambali. Wilitcheya yake inali yooneka bwino, ndinadzitamandira sabata yonse.

Tsiku lobwera ndinakawachingamira pa siteji, wilitcheya nditaipukuta mbee. Minibasi inaima. Malume anatsika okha! Khosi lili m'kolala ya kuchipatala, ndodo m'manja, koma akuyenda.

"Adokotala akuti ikapita miyezi ingapo ndiyambiranso kupalasa," anatero akumwetulira. "Njinga yanga mumaithira oyilo?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Malume anayang'ana wilitcheya ija. Anagwira belu ndi dzanja lomwe lija n'kuliza. Ngiri ngiri!

"Belu ili ndi la ndani?"

"Lanu, malume."

"Mawilowa?"

"Anu omwe."

A kabaza anzawo anali atagwa kale ndi phwete. Malume sanakalipe. Anakhala pampando paja, n'kuika ndodo pamiyendo.

"Chabwino, adokotala. Kabaza ndi kabaza basi. Kuyambira mawa makasitomala azikhala apa, inu muzikankha. Koma poyamba ine. Kunyumba!"

Ndinawakankha msika wonse, iwo akuliza belu. Mpaka lero pa boda amandiitana kuti Dokotala Kankhani.

Polosera zodwala za munthu, gwiritsani pakamwa pokha, njinga yake muisiye.