Ndinawongola sola ya apongozi pa jeke ya fodya

Pali zolakwa zomwe mkamwini amakhululukidwa, monga kudzuka mochedwa kapena kudya kwambiri. Changa ichi sindikhulupirira kuti chidzaiwalika kwa Kaomba.

Chaka chimenecho dzina la apongozi anga aamuna silinatuluke pa makuponi a fetereza, ndiye banja lonse maso anali pa fodya. Nazale yathu inali kudambo, ndipo mlamu wanga wa ku Joni anatumiza pampu ndi sola yake kuti mbande zisafe ndi dzuwa la Okutobala. Solayo sinali yagalasi lolemera ija tinaizolowera. Inali yamakono, yopyapyala, yopepuka, koma yopindika pang'ono ngati lichero.

"Bambo a Chisomo, inu ndiye mumadziwa zamagetsi," anatero apongozi. "Tilumikizireni."

(Zamagetsi zomwe ndinkadziwa n'kusintha mabatire a wailesi, koma mkamwini sakana ulemu.)

Kupindikako sikunandisangalatse. Ndinati basi, aipsinja ndi katundu m'basi. Ndinaigoneka pansi pa mphasa n'kukhalapo, osawongoka. Ndinaisanjikiza njerwa, nditachotsa inabwerera mwakale. Apa mtima unandipsa. Ine mlimi wa fodya, chinthu n'kundikanika kuphwatalala?

Mkazi wanga anandipeza ndikuilowetsa mu jeke yodindira mabelo, pakati pa matabwa awiri.

"Abambo, bwanji osayamba mwawafunsa achimwene?"

"Achimwene anuwo anadindapo belo?" ndinayankha uku ndikupotokola.

Ndinamva kaphokoso ngati munthu waponda tsamba louma (ndinadziuza kuti ndi matabwa). Inatuluka yowongoka bwinobwino, ndipo ndinainyamula pamutu kudutsa nayo pakati pa mudzi. Kudambo nditailumikiza, dzuwa likuswa mtengo, pampu sinatsokomole n'komwe.

Ndinaimbira mlamu. "Alamu, imapangidwa dala yopindika," anatero. "M'katimo muli tinthu topyapyala kuposa chigoba cha dzira, musaitsamire n'komwe. Mwaiyika pati?"

Ndinanamizira netiweki.

Tinayesa kuthirira ndi makheni, koma mbande zambiri zinapsa, ndipo theka la munda wa apongozi linagonera. Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zimandipweteka mpaka lero. Solayo anaikhomera pakhola la nkhuku ngati chitseko, ndipo mlendo akaiyamikira amayankha mofatsa, "Anatiwongolera ndi akamwini athu."

Masiku ano ndikaona chinthu chopindika ndimaika manja kumbuyo n'kufunsa mwini wake, ngakhale zala zimayabwabe.