Fungo M'galimoto ya a Mhango

Lolemba

Tafika. Ntcheu, Lilongwe, Kasungu, Jenda, kenako Mzimba dzuwa litapendeka. Galimoto yosakandika paliponse. Mulungu ndi wabwino.

Galimotoyi si yanga, mphunzitsi ngati ine ndingaitenge kuti. Ndi ya a Mhango, eni nyumba imene tikukhalamo, mkulu wa mpingo wathu. Anandibwereka kuti banja likaone kwathu pa tchuthi. Mawu awo osakaniza ndi Chitumbuka akadali m'khutu: "Asambizgi, Lachisanu ikhale pano, ndapota. Loweruka inyamule mwana wanga Tiwonge ku ukwati wake." Amanena izi akupukuta galasi ndi mpango wawo.

Tadala, mwana wathu wa zaka zinayi, wangotsika n'kuthamangira kwa aneba kukafuna mnzake Wezi. Wezi kulibe, ali kwa agogo ake ku Engutwini mpaka Lamulungu. Tadala wabwerako atakwinya nkhope, wakhala pa njerwa pambali pa galimoto. M'nyumba talowa naye chomunyamula.

Zochita: kutsuka, kuthira mafuta, kubweza Lachisanu pamodzi ndi thumba la mbatatesi lothokozera. Zophweka.

Lachiwiri

Ndatsuka. Kunja ikuwala moti munthu akhoza kumeterapo ndevu. Koma mkati muli kafungo. Kakang'ono.

Zimene ndatulutsa pansi pa mipando: zitsononkho ziwiri, makoko a nzimbe, nsapato imodzi ya Tadala, chipewa cha amalume chimene adzanena kuti tinaba. Palibe chonunkha. Mayi a Tadala akuti mwina ndi masokosi anga. Mayi ameneyu sachedwa.

Tadala ali pambuyo panga tsiku lonse. "Adadi, chitseko changa musathire madzi." Sabata ziwiri zokha m'galimoto yobwereka, mwana wayamba kale kukhala ndi chitseko chake.

Lachitatu

Kafungo kaja kakula. Ndi dzuwa la Sepitembalali, ukatsegula chitseko kamakulandira ndi mbama.

Mayi a Tadala alowetsa mutu, atulutsa msanga. "Bambo a Tadala, ine ndine namwino. Umu mwafa chinthu." Tatsuka ndi mankhwala a m'chimbudzi. Tsopano mukununkha zonse ziwiri.

Agalu awiri a aneba asamukira pansi pa galimoto. Ntchentche nazo zauzana.

Chinanso chondidetsa nkhawa ndi Tadala. Akungotola chakudya ngati nkhuku yodwala. Kwa agogo ake ankadya bwino, tsiku lotsanzikana atatiphera mbuzi anamaliza yekha chiwindi chimene anamuotchera, mpaka tinamuombera m'manja. Mayi ake amuyeza, thupi silikutentha. Funso lake n'limodzi: "Lamulungu ndi mawa?"

Mtima wanga suli m'malo. Nyumba yabwino ngati iyi pa Mzimba pano ndingaipezenso kuti?

Lachinayi

Kwa makaniko. Wanunkhiza kamodzi basi. "Khoswe uyu, asambizgi. Wafera mu injini."

Mu injini mulibe khoswe. Wachotsa mipando, mulibe. Wamasula kutsogolo konse kumene kuli wailesi, mawaya ali lende ngati matumbo, ine thukuta kamukamu. Mulibe. Pobwezera atsala mabawuti atatu. Akuti amenewo ndi owonjezera, azungu amangoikamo. Ndawaika m'thumba la jekete.

Tadala analira galimoto ikuchoka pakhomo. Itabwera wathamanga kukasisita chitseko chake chija. Mayi ake akuti watengera kwathu kukonda zinthu za eni.

Mawa ndi Lachisanu.

Lachisanu

Ndapopera perefyumu yense wa mayi a Tadala. Sakundilankhula.

A Mhango abwera masana, maso ofiira, mpango uli pamphuno. Chimfine! Alowa, akhala, agwira chiwongolero. Ine ndaima panja. "Mwaisunga makora chomene, asambizgi." Sakumva kanthu. Mbatatesi alandira.

Ndimati ndapulumuka. Kenako: "Mphwanga amene amati ayendetse wadwala. Mbwenu mkwatibwi mumutenge ndimwe."

Apa m'pamene ndikananena zoona. Ndangoti, "Palibe vuto, bambo." Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Loweruka

Maliboni, mabaluni, nthungululu. Ndatsegula mawindo onse. Azakhali a mkwatibwi, amene akwera galimoto ina, alamula kuti nditseke, fumbi lingadetse diresi. Ndatseka.

Tiwonge wakhala kumbuyo, mbali ya chitseko cha Tadala. Poyamba akumwetulira. Tisanafike pamsika wasiya. Misozi. Anthu m'mbali mwa msewu akuti taonani mwana wolangizidwa bwino, akulira posiya amayi ake. Mtsikana womuperekeza wabisa mphuno m'maluwa. Ine ndikupuma ndi pakamwa, hutala ndikuimba ngati munthu wokondwa.

Pakhomo pa tchalitchi, pamaso pa mpingo wonse, Tiwonge watsika n'kusanza.

Nyimbo yaima. Azimayi ayang'anizana. Azakhali aja ndawaona ndi maso angawa akuwerenga miyezi pa zala. Wina kumbuyo kwanga akunong'ona: "Mwana wa mkulu wa mpingo, ee." Nkhope ya a Mhango sindingathe kuilemba.

Ukwati wachitika, koma wozizira. Mtsikana wosalakwa akunenedwa tauni yonse, ine ndili chete ngati thumba. Mpunga wa paukwati sindinaukhudze. Ndikuchita manyazi.

Lamulungu

Ndinatsimikiza kuti tikaweruka ku tchalitchi ndikaulula zonse. Tadala wandipitirira.

Wezi wabwera m'mawa. Ine ndikufika kwa a Mhango, abale onse ali pakhonde ndi tiyi, nkhope zili gwa, ndangoona tiana tiwiri tikulowa pageti titagwirana manja. Molunjika ku galimoto. Zitseko zinali zotsegula. Pa chitseko chakumbuyo pali bowo pamene panali sipika kale. Ine ndi makaniko tinaliona, osaliganizira. Tadala wapisamo mkono wonse mpaka paphewa, watulutsa kajumbo kakuda.

Chiwindi cha agogo. Chija tinamuombera m'manja.

"Wezi, ndakusungira. Ine sindinadyeko."

Wezi wagwada, walandira ndi manja awiri. "Yewo." Kenako wamasula kajumbo.

Khonde lonse labalalika. Azakhali owerenga miyezi athawa chitenje chili kumphuno, tiyi watayika. Chimfine cha a Mhango chatha pomwepo. Atembenukira kwa ine. "Asambizgi, mumadziwa?" Ndati fungo ndimalidziwa, chiwindi ayi. Akuti Lamulungu likudzali ndidzaimirire kutsogolo, nthawi ya zolengeza, ndidzafotokozere mpingo wonse chimene chinasanzitsa mwana wawo. Ndavomera. N'zoyenera. Za nyumba sananene kanthu, ndipo ine sindifunsa. Mabawuti atatu akadali m'jekete.

Mayi a Tadala ataya kajumbo m'chimbudzi. Tadala walira mpaka mawu kusasa, Wezi akumupukuta misozi ndi diresi lake. Ndapita kumsika, ndawagulira chiwindi china. Adya onse awiri m'mbale imodzi, koma Tadala akuti si cha agogo.

Wandiyang'ana, mafuta ali pakamwa. "Adadi, tikadzapitanso ndidzamusungira chachikulu."

Tidzapita pa basi.