Kutonola Chimanga, Kusaka Jesi

Lolemba

Lole ya kalabu yathu ya alimi ikubwera Loweruka m'mawa, ndipo kuno ku Nachisaka imabwera kamodzi basi. Ikandisiya, chimanga changa chigwera m'manja mwa mavenda ndi masikelo awo odwala aja. Pofika Loweruka pakufunika matumba makumi awiri, otonola, opeta, osoka.

Ondithandiza ndi amayi anayi a kutchalitchi kwathu, mtsogoleri wawo a Nabanda. Ndimawadziwa. Chaka chatha anabwera tsiku limodzi, lachiwiri mutu, lachitatu kuchigayo. Koma ine ndinaphunzitsa sitandade 8 zaka makumi atatu, kusunga anthu pamalo amodzi ndiye ntchito yanga.

Nzeru ndi iyi. Mwana wanga Tamara wanditumizira buku la Chingerezi kuchokera ku Lilongwe, la mtsikana wa kunja dzina lake Jesi, amene wapita kusukulu osabwerera. Ine ndiziwerenga ndi kumasulira, iwo azitonola. Ndikafika pokoma ndizitseka. Afune asafune, mawa abwera!

Zofunika:
thobwa, ndowa imodzi
magalasi
mpando wandalema

Madzulo: matumba anayi! Ndine munthu wanzeru, ndipo palibe wondiuza, ndiye ndikudziuza ndekha.

Pochoka a Nabanda akulunga buku m'chitenje. "Lizigona kwanga, aphunzitsi. Mungatitsogolere usiku." Chingerezi sachidziwa, choncho palibe amene atsogole.

Lachiwiri

Afika amayi asanu ndi anayi. Sindinawaitane, koma manja ndi manja.

Vuto laling'ono: pakamwa pakayamba ntchito, manja akuima.

"Bambo ake akulira m'galimoto? Atuluke akasake mwana!"

"Apolisiwo akumwanso khofi? Kachitatu?"

A Naphiri, amene ali ndi mtsikana wa fomu 2, akufuna kudziwa ngati Jesi anadya asananyamuke. Buku silikunena. Akuti ndiyang'anitsitse.

Oganiziridwa pofika dzuwa kupendeka:
bambo womupeza (a Nabanda akuti anamudziwa pa tsamba loyamba)
mayi woyandikana nawo, poti wabwera kudzazonda atanyamula keke m'malo mwa misozi
mphunzitsi wa masamu

Pa wachitatuyu onse atembenuka kundiyang'ana ine. Ine ndinkaphunzitsa Chingerezi ndi Baibulo, chonde!

Matumba awiri.

Lachitatu

A Naphiri sanabwere m'mawa. Aperekeza mwana wawo kusukulu ndipo akhala pansi pa mtengo kuyang'ana chitseko cha kalasi mpaka kuweruka.

M'malo mwawo abwera a Gamaliyele, oyandikana nane, amene sanagwirepo chitsononkho chibadwire. Ajambula tauni ya kwa a Jesi pabwalo panga ndi kamtengo. Apa sukulu, apa mtsinje, apa nyumba. Anthu a m'bukumo ndi chimanga changa chosatonola, chaimikidwa m'dothi aliyense pamalo pake. Apolisi okha atenga chimanga makumi atatu.

Ndikutola chimodzi kuti nditonole.

"Musamukhudze ameneyo, ndi bambo womupeza! Tikumulondalonda."

Ndabweza pamalo pake. Ndapepesanso.

Thobwa latha isanakwane teni koloko. Thumba limodzi ndi theka, ndipo theka limenelo ndatonola ndine, buku lili pamaondo.

Lachinayi

Ndalakwitsa. Ndamasulira mokhulupirika.

Apolisi apeza nsapato imodzi ya Jesi ndi chikwama chake m'mphepete mwa mtsinje. Ndisanamalize chiganizo, a Naphiri aponya lichero, manja kumutu, "Mwana wanga ine, mayo!" A Nabanda aimirira, amanga chitenje bwinobwino, alengeza: "Pamaliro satonola."

Zimene zachitika pambuyo pake, mwa dongosolo lake:
amayi asamukira pakhonde, miyendo yotambasula, nyimbo zayamba
a Gamaliyele aika masamba pamsewu
anthu a panjinga akutsika, zipewa m'manja
wina wabwera ndi mtolo wa nkhuni

"Watisiya ndani?"

"Jesi."

"Wa kwa yani?"

"Wa kwa aphunzitsi."

Ndiye anthu osawadziwa akundigwira chanza, akuti limbani mtima.

Ndaimirira pakati pa bwalo kufotokoza kuti ndi buku, ndi mapepala, munthu anangopeka ali pampando kwawo uko. A Nabanda andiyang'ana kumaso. "Ndiye inu misoziyo ndi ya chiyani?"

Zoona, ndimalira. Nyimbo imene amaimba ndi yomwe anaimba pakhonde lomweli tsiku limene tinaika amake Tamara. Sindinaimvenso pakhomo pano chiyambire, ndipo yandipeza ndisanakonzeke. Ndakhala pansi, ndawasiya amalize mavesi onse.

Okhuza maliro sabwerera ndi njala. Thumba limodzi lapita kuchigayo.

Lachisanu

Kwatsala tsiku limodzi. Mulungu andikhululukire, lero ndinama.

Ndatsegula buku, ndakonza magalasi, ndawerenga zimene mulibe. Foni ikulira kwa a Jesi. Ndi Jesi! Ali moyo, ali kwa azakhali ake, wadya, ndipo akuti anthu onse amene akumudera nkhawa apitirize ntchito zawo za manja.

Nthungululu! A Naphiri akuvina, agwetsa apolisi asanu ndi mmodzi. Manja ayamba kutonola, chimanga chikulira m'lichero. Mtima wanga m'malo.

Kenako a Gamaliyele akutsokomola. "Aphunzitsi, nkhani yonseyi simunatembenuze tsamba ngakhale limodzi. Komanso ngati mwana wapezeka, masamba atsalawa ndi a chiyani?"

Munthu amene anathawa sukulu sitandade 3!

A Nabanda akupukusa mutu pang'onopang'ono. "Mkulu wa mpingo, kunama pa nkhani ya mwana wosowa." Manyazi andigwira ngati mwana wopezeka ndi likasa m'mayeso.

Chilango: ndibwerere pa tsamba la kumtsinje lija ndikayambirenso, chala changa chiziyenda pansi pa mzere uliwonse, a Gamaliyele ataima kumbuyo kwanga kuonetsetsa kuti chikuyendadi.

Buku lenileni likuti m'madzimo sanapezemo munthu. Nsapato ija anachita kuikapo wina. Ndiye maliro aimitsidwa, masamba achotsedwa pamsewu, koma otonola palibe. Onse agwira kunsagwada. "Tingagwire bwanji ntchito mwana ali m'manja mwa anthu?"

Theka la thumba. Zala zanga zazikulu zatuluka matuza.

Loweruka

Lole yafika dzuwa litangotuluka. Ndili ndi matumba asanu ndi awiri, osapeta, osasoka. Dalaivala, a Layisoni, akuti chimanga cha mungu satenga, koma andidikira theka la ola.

Theka la ola! Amayi khumi ndi awiri, malichero alipo, singano ilipo. Ndikuchonderera, ndatsala pang'ono kugwada.

A Nabanda: "Kwatsala machaputala awiri okha. Werengani msangamsanga, tipeta mitima ili pansi."

Ndikuwerenga ngati wolengeza mpira pawailesi. A Layisoni ayamba kumvera ali pachiwongolero. Azimitsa injini. Atsika. Akhala pathumba langa, a Naphiri akuwafotokozera za nsapato, a Gamaliyele akuwaonetsa bambo womupeza.

"Si ameneyo," akutero a Layisoni. "Ndi wa keke."

Mkangano wa mphindi khumi.

Apolisi afika pa kanyumba kakale m'nkhalango. Pachitseko pali loko watsopano. M'kati mukumveka wina akugogoda. Wapolisi wakweza chitsulo kuti athyole...

Foni ya a Layisoni yalira. Ndi apampando a kalabu, akukalipa moti tonse tikumva: anthu a ku Bowe akhala pamatumba kuyambira mbandakucha.

A Layisoni aimirira, ayang'ana lole, ayang'ana buku. "Ine sindingayendetse galimoto chonchi, ndingaphe anthu." Atsomphola buku pamaondo panga. "Mlamu wanga ku Boma amadziwa Chingerezi. Ndibweza!"

Lole iyo! Amayi aithamangitsa mpaka pamlatho, a Nabanda patsogolo, nsapato m'manja. Sindinadziwe kuti amatha kuthamanga.

Yapita ndi buku. Chimanga chonse chili pano.

Lamulungu

Lero satonola, ndi Sabata. Ngakhale likanakhala tsiku lina, zala zakana.

Ndaimbira Tamara kuti andiuze mathero. Akuti sanawerenge, anangokonda chithunzi cha pachikuto. Foni ya a Layisoni siikupezeka. Amene amawadziwa akuti chinthu chikalowa m'lole ija sichituluka.

Venda wadutsa kale kawiri pamsewu, sikelo ili pakaliyala wa njinga. Kawiri konse wandipatsa moni waulemu kwambiri. Abwera mawa, ndipo ndimugulitsa, nanga nditani.

Chodabwitsa n'choti mu ulaliki wonse sindinaganize za chimanga. Ndimaganiza za amene amagogoda m'kanyumba muja, ngati ali ndi chofunda.

Titaweruka, amayi aja abwera onse, ndi yunifolomu yawo yoyera. Akhala pamphasa, maso pansi. Kenako a Nabanda awomba m'manja pang'ono.

"Pepani, aphunzitsi."

Onse: "Pepani, pepani."

Sindikudziwa ngati akupepesa za chimanga kapena za mwana, ndipo sindinafunse. Ndayankha kuti zikomo, zimachitika. Takhala choncho mpaka dzuwa kulowa.