Desiki ya Mayi a Pilirani

Zimene ndalota usiku wathawu, anzanga, musakazifikitse kwa mlamu wanu. Mukudziwa kuti Mayi a Pilirani anabwerera kusukulu, ija yolowa masana, akufuna adzakhale namwino. Mukudziwanso kuti masamu amawerengera limodzi ndi a Mtambalika, amandala aja ogulitsa mbewu kumsika, pomwe ine masamu omwewo ndi amene anandithamangitsa folomu thuu n'kundisiya ndikuwotcherera zitsulo.

Ndiye ndinalota ndili pashedi panga pano, ndikuwotcherera geti. Mwadzidzidzi getilo linatsokomola n'kundifunsa kuti, "Bambo a Pilirani, ngodya mwandipindayi ndi ya madigiri angati?"

Ndinati, "Ine ndimayeza ndi diso."

"A Mtambalika akanadziwa," linatero geti, n'kutseguka lokha.

Kulowa, ndinangopezeka ndili pabwalo la sukulu, anthu atadzaza. Kutsogolo kunali mabwana atatu a zamaphunziro, ovala masuti. Anabwera kudzagamula ngati masamu ozama aja, a zilembo m'malo mwa manambala, akhale okakamiza kwa aliyense wa kusekondale. Bwana woyamba atangoimirira, jekete linamera nthenga, mphuno n'kutalika, kolala yoyera yokha ndiyo inatsala. Wasanduka khwangwala.

"Aliyense aphunzire," anatero khwangwala. "Dziko likufuna milatho. Ndipo mkazi akalowa sukulu, mwamuna wake naye walowa."

Wachiwiri anali atasanduka kale bilimankhwe, diso lina kwa makolo, lina kwa khwangwala. Anati, "Mbali ina n'zoona. Mbali inanso, mwana wofuna kudzaimba nyimbo akatani nawo masamu amenewa?" Anakweza mwendo kuti aponde patsogolo, mwendowo n'kungokhala m'mwamba. Wachitatu anali mbuzi. Amangotafuna pepala la chigamulo.

Ndiye belu linalira, bwalo lonse n'kusanduka kalasi. Ine ndili kumbuyo, ndevu zanga zomwezi, kabudula wa sukulu akundithina. Kutsogolo Mayi a Pilirani ndi a Mtambalika ali pa desiki imodzi, zigongono zikugundana, akuyankhula chinenero chomwe sindimachimva. Bamboyo akati "sayini", mkazi wanga amayankha "kosayini", n'kuseka kuseka kuja anasiya kundisekera ine kalekale.

Choko chimadutsa pafupi ndi phazi langa, ndiye ndinachifunsa monong'ona, "Kosayini ameneyu ndi mwana wa ndani?"

"Wa awiriwo," chinatero choko, n'kupitirira chikusiya fumbi.

Mtima unanditentha ngati ndagwira chitsulo chongowotcherera kumene. Ndinaimika dzanja. "Mabwana, masamu amenewa achotsedwe. Akupasula mabanja."

Khwangwala anatera pa desiki yanga n'kupendeketsa mutu. "Tichotsa, bambo. Koma tayang'anani panja."

Pamtengo wa mbendera pamakupiza diresi loyera la unamwino, la msinkhu wa mkazi wanga ndendende. Nditangoliona linayamba kutsika pang'onopang'ono, kulunjika m'matope.

"Dikirani kaye," ndinatero. Diresi linaima pakati pa mtengo. "Masamuwo akhale. Koma aliyense azilemba payekha."

"Desiki ndi imodzi," anatero khwangwala.

Mwadzidzidzi m'manja mwanga munali makina anga odulira zitsulo, akulira popanda magetsi. Ndinapita kutsogolo n'kuyamba kudula desiki ija pakati penipeni, moto ukuthetheka mbali zonse. Desiki inati, "Pang'onopang'ono, ndine katundu wa boma," koma ine sindinamvere. Pomaliza kudula, m'kalasi munali mutadzaza madzi ofika m'mawondo, ndipo theka la desiki limene anakhalapo a Mtambalika linayandama kulowera kukhomo, iwo akupalasa ndi rula.

"Achimwene, funso lachisanu sitinamalize," anatero akutuluka.

Ndinawabayibitsa ndi manja awiri. Kenaka ndinadzipanikiza pa theka lotsalalo, phewa langa kugunda phewa la mkazi wanga, n'kudikira kuti andiyang'ane. Sanadzutse mutu.

"Mayi a Pilirani, munthu uja wapita."

"Ndani?"

"A Mtambalika."

"Anali pano?" anafunsa, cholembera chikuyendabe. "Tasunthani pang'ono, mukunditchinga kuwala."

Ndiye anamwetulira, anzanga, kumwetulira komwe kuja, maso ali papepala. Apo m'pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi samasekera a Mtambalika. Bola akanakhala munthu. Munthu umamudikirira panjira n'kukambirana naye. Nanga pepala ungalitengere kwa ankhoswe? Ndinasuzumira kuti ndione chimene limawauza, koma zilembo zonse zinanditembenukira msana. Kamodzi kakang'ono kanacheuka n'kunena kuti, "Inu munatithawa nokha."

Ndinayesa kuyankha, pakamwa panadzaza fumbi la choko. Madzi amakwerabe, afika m'chiuno, mkazi wanga akulembabe, ndipo ndinamva chinthu chikung'ambika, phwee, phweenso.

Kutsegula maso, kunja kwacha. Phwee uja amachokera pakhonde. Mayi a Pilirani amang'amba mapepala a masamu amene analakwitsa dzulo, kuti ayatsire mbaula.

Ndinadzuka msangamsanga n'kuwalanda chokupizira. "Khalani pansi, mayi," ndinatero. "Moto uwu ndikupiza ndekha."