Maliro a Eni Ake ku Norway

Pali ulendo wina umene ana anga safuna kuti ndiziukamba pagulu, ndipo inenso ndikaukumbukira ndimayamba ndazolika. Koma poti kumpingo kwathu kuno ku Glasgow nkhaniyi yayamba kukhota (ena akuti ndinakomoka, ena akuti apolisi anandigwira), bola muimve kwa mwini wake.

Bambo a kunyumba atatisiya, ndinatsala ndekha m'fulati yathu ku Maryhill. Maliro awo anayenda mwa kuno: mwakachetechete, mofulumira, aliyense akupukuta misozi mobisa. Ine ndinadzigwira, poopa kuchititsa manyazi ana pamaso pa anzawo akuntchito. Chaka chitatha, mwana wanga wamkazi anatopa ndi kundipeza pawindo ndikuyang'ana madzi a m'ngalande, ndiye anandigulira tikiti ya sitima yapamadzi, zikuluzikulu zija zonyamula anthu okaona malo. Ndinapita ndi Mayi Nyirenda, mnzanga wa m'gulu la amayi kumpingo, wokhala ku Govanhill.

Tsiku lina m'mawa sitima inaima pa katauni ka m'mphepete mwa nyanja ku Norway, ka nyumba zamatabwa zopaka zoyera ndi zofiira, phiri lili kumbuyo. Anatiuza kuti tikhoza kutsika, koma lipenga likalira tikhale titabwerera, sitima sidikira munthu. Mayi Nyirenda mawondo anawakaniza.

"Pitani nokha amayi, mukandijambulireko," anatero, atadzikulunga m'bulangete.

Ndinatsika nditavala chikhoti changa chakuda ndi duku. Nditakwera kamtunda pang'ono, mvula inayamba, yozizira kuposa ya ku Glasgow (ndinkayesa kuti yoteroyo kulibe). Ndinaona katchalitchi koyera, chitseko chili chotsegula, ndiye ndinati ndiuse mvula ndi kupempherako. Pakhomo bambo wina wa suti yakuda anandiweramira, n'kunditsogolera mpaka kutsogolo. Mumtima ndinati, koma anthu akuno amadziwa kulandira alendo. Nditakhala pansi ndi pamene ndinaona bokosi, maluwa ali pamwamba.

Munthu wanzeru akanatuluka. Koma kwathu pamaliro sutuluka ngati walowa m'sitolo yolakwika. Ndinati ndikhaleko pang'ono, mwaulemu.

Kenako limba linayamba kulira. Mawu a nyimboyo sindinamvepo ngakhale amodzi, koma chuni chake chinali cha nyimbo imene bambo a kunyumba aja ankaimba akamasita malaya awo Lamulungu m'mawa. Kaya chinandigwira n'chiyani. Kulira kumene ndinakusunga chaka chathunthu kunatuluka konse, ndipo sikunali kwa misozi yokha ayi. Kunali kwa kumudzi, manja ali kumutu.

"Mayo ine! Bambo inu, mwandisiyira yani ana?"

(Inde, ndinatero ndithu, m'Chichewa, ndili pabenchi yachiwiri.) Abusa anakweza maso. Mitu yonse inatembenuka. Mayi wina wokalamba wa pabenchi yoyamba, amene ndinazindikira kuti ndiye namfedwa, anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

Manda anali kuseri kwa tchalitchi komweko. Potuluka ndinati ndizembe, koma wina anandigwira mkono mwachifundo n'kundiika pakati pa abale. Kumanda anandipatsa duwa. Ndikanatani? Ndinaliponya.

Anthu atayamba kubalalika, namfedwa uja anabwera, ana ake aamuna awiri ataliatali ali pambuyo pake. Anayankhula Chingerezi chapang'onopang'ono.

"Mwamuna wanga anagwira ntchito m'sitima zonyamula katundu kwa zaka zambiri. Ankakonda kukamba za Beira ndi Mombasa. Musaope, ndiuzeni zoona. Inu munali ndani wake?"

Apa m'pamene ndinamvetsa zimene tchalitchi chonse chinkaganiza: kuti ndinali chibwenzi chamseri cha malemuyo. Ine, mayi wa mpingo, gogo wa zidzukulu! Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe (ndipo dzenje linali pomwepo).

"Mayi, pepani," ndinatero. "Amuna anu sindikuwadziwa, ngakhale dzina lawo. Ndine wa pasitima ili kumunsiyo, ndinalowa pothawa mvula. Ndimalira anga, anamwalira chaka chatha."

Mmodzi wa anawo anapumira m'mwamba ngati watula thumba la chimanga. Kenako mayi uja anandigwira manja onse awiri. Manja ake anali ozizira ngati mwala.

"Ndiye kuti mwalirira tonse awiri," anatero. "Ine chimwalirireni amuna anga sindinathe kulira."

Atangotero anagwetsa mutu paphewa panga n'kuyamba kusisima. Tinaima choncho pamvula, akazi amasiye awiri osadziwana mayina, mpaka chikhoti changa chinanyowa kunja ndi mkati. Maliro n'kulirana, akulu sananame.

Ndiye lipenga la sitima linalira.

Ndinayang'ana kumunsi. Doko linali kutali, njira yoterera, ine wa msinkhu wangawu. Ana aja anathamangira magalimoto awo, koma anali atatsekeredwa ndi a anthu ena. Imene inali pageti, yopanda chotchinga, inali imodzi yokha: galimoto ya maliro. Dalaivala wake ananditsegulira chitseko chakutsogolo, chipewa chili m'manja, ndipo tinatsika phirilo pa liwiro limene ndikukhulupirira kuti galimotoyo inali isanayendepo.

Padoko tinapeza anthu atadzaza m'makonde a sitima, akuyang'ana kuti wochedwayo ndi ndani. Mayi Nyirenda anali atauzidwa kale kuti sindikupezeka. Ataona galimoto yakuda, yaitali, ikuima pafupi ndi makwerero, nawonso anaika manja kumutu n'kuyamba kulira mokuwa, kunditchula dzina. Ndinatuluka wamoyo, duku lili pambali, mafoni onse akundijambula.

"Amayi inu!" anatero nditafika pamwamba, akundimenya paphewa. "Ine ndimayesa akubweretsa mtembo! Ana anu ndikanakawauza chiyani?"

Chithunzi cha katauniko sindinawajambulire ngakhale chimodzi.

Titabwerera, mwana wanga anandilumbiritsa kuti ndisanalowe m'tchalitchi chachilendo ndizisuzumira kaye. Ndinavomera, ndipo ndimasuzumiradi. Koma ndisakunamizeni, ndikaona bokosi kutsogolo, olira ali ochepa, ndimalowabe. Chimene ndasintha n'choti masiku ano ndimakhala benchi yakumbuyo.